Ndani Anamasulira Umboni wa a Lamson?

Alamu anga a Lamson Chikadza ndi munthu woti ukawapatsa moni amayamba asuzumira kumbuyo kwako kuti aone mwabwera angati. Ukawayamikira malaya, amafunsa kuti wakutuma ndani. Musati ndikuwajeda ayi, ndikungonena mmene Mulungu anawaumbira. Ndipo ngakhale ndikanawajeda, ine ndine mng'ono wawo wa akazi awo, achemwali anga a Dorcas, ufulu umenewo ndili nawo.

Ndinawadziwa ali mnyamata ku Mchesi, akukonza njinga ndi malemu bambo awo pansi pa mtengo wa mango, manja ali bii ndi girisi. Kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Perth, anabwera motsatira achemwali, amene anapeza ntchito ya unamwino. Alamu anapeza yawo kunyumba ina yosungirako okalamba kufupi ndi Joondalup, yokonza mabedi, zitseko, mipope ndi mawilitcheya, mipando ya matayala ija amayendera agogo. Mwana ali naye mmodzi, Tithokoze, amene anafika kuno asanayambe n'komwe sukulu. Mwanayo Chichewa amamva, koma ukamufunsa kanthu amayankha m'Chizungu cha m'mphuno cha kunochi, ndipo bambo ake zinkawanyansa kwabasi.

“Ndabala mzungu ine,” ankatero patebulo. “Kulankhula ndi uyu n'chimodzimodzi kulankhula ndi wailesi. Iwe zako, iyo zake.”

Mwanayo ankangoweramira mbale yake.

Tsiku lina kuntchito kwawo agogo ena anaimirira pa wilitcheya osamanga buleki. Pofuna kukhalanso, mpando unathawira kumbuyo, agogowo pansi khu! n'kuthyoka chiuno. Alamu anafika kunyumba osafuna ndi chakudya chomwe. Anapeza wilitcheya yotayidwa, waya wa buleki ya njinga ndi kasipuling'i, n'kudzitsekera m'galaja. Pawindo anaphimbapo ndi chitenje cha achemwali, chabwinobwino chopitira ku maukwati, mpaka lero nkhani ya chitenjecho siinathe. Mnzawo wa pamtima, a Chilekwa, m'Zambia wa ku Lusaka amene amayendetsa basi, ankabwera Loweruka lililonse kudzamwa tiyi, koma nawonso ankathera pachitseko cha galaja. Patapita miyezi alamu anatuluka ndi chinthu chodabwitsa. Munthu akangonyamuka pampando, buleki imagwira yokha, akakhalanso imamasuka. Panalibe magetsi, panalibe batire, waya wa njinga basi.

Tsono tamverani zimene anachita munthu wosakhulupirira ngakhale chithunzithunzi chake. Ku mpingo wathu, umene timasonkhana m'holo ya lendi a Malawi ndi a Zambia pamodzi, chinthu chatsopano sichiyamba ntchito chisanapemphereredwe. Galimoto, makiyi a nyumba, satifiketi, khanda, zonse zimayamba zafika kutsogolo. Alamu ndi mkulu wa mpingo, ndiye akanatani? Lamlungu lina la chithokozo, mu 2017, anakankha wilitcheya yawo mpaka patsogolo pa abusa. Amene anakhalapo kuti anthu aone ndine, ati popeza ndine wonenepa, buleki ikandigwira ine igwira aliyense. Mwano wake umenewo! Ndinanyamuka, kha! yagwira. Ndinakhala, yamasuka. Amayi anaimba nthungululu holo yonse.

Abusa anati, “Akulu a mpingo, tatiuzani mmene Ambuye anakuululirani.”

Pamenepo munthu uja anasungunuka ngati mafuta padzuwa. Anaigadabuza wilitcheya matayala m'mwamba, n'kuyamba kuloza: waya uyu wachokera apa, wadzera apa, kasipuling'i kagona chonchi. Anafotokoza zonse m'Chichewa chawo cha ku Dedza, osabisako ndi kamodzi komwe. Anafika mpaka pa malemu bambo awo, amene ankawakwapula akamanga buleki ya njinga mwaulesi, ati buleki ndi moyo wa munthu. Misozi inatsika, ifenso tinalira nawo. A Chilekwa, amene amajambula zonse za mpingo, anajambula pafoni n'kutumiza kanemayo pagulu lathu monga mwa masiku onse. Kwa alamu, kulankhula pamaso pa Mulungu ndi abale sikunali kuulula chinsinsi. Kunali kupereka umboni.

Za patenti anazimva mochedwa, kwa mzungu wina wa kuntchito kwawo. Patenti ndi chikalata cha boma chonena kuti chinthu chatsopanochi watulukira ndiwe, wina asachipange n'kumagulitsa osakupempha. Anazengereza, poopa kuti loya awabera nzeru, mpaka anadzapempha mu 2019. Chikalatacho chinatuluka mliri wa korona uli pakati, malire a dera lathu lino atatsekedwa, palibe wopita kumudzi, maliro a abale athu tikuonera pafoni. M'chaka choipa chimenecho alamu okha ndi amene anali ndi chosekerera. Anachiika m'galasi n'kuchipachika pabalaza, pamwamba pa chithunzi cha ukwati wawo, ndipo kampani ina ya kum'mawa kwa dziko lino, yofuna buleki yawo, inayamba kumawaimbira foni.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 2021, titangotuluka m'kutsekeredwa m'nyumba kwa masiku ochepa chifukwa cha korona, achemwali anandiimbira ndili kuntchito kwanga kochapa nsalu za chipatala.

“Ukaweruka udzere kuno. Alamu ako zinthu sizili bwino.”

Ndinawapeza atakhala patsogolo pa kompyuta, loya wawo, mayi wachizungu wa imvi, akuoneka pagalasi. Nkhani inali yoti munthu wina wapempha ofesi ya mapatenti kuti iunikenso patenti yawo. Ati buleki ija siinali yatsopano pamene ankaipempha, chifukwa inali itaonetsedwa kale poyera.

“Munthuyo ndani?” anafunsa alamu.

Loya anati sakudziwa. Pempholo linadzera kwa maloya ena, amene sanatchule wowatuma, ndipo aliyense angathe kupempha zimenezi, kaya zikumukhudza kaya ayi.

“Chabwino. Tidzaonana naye tsiku la mlandu.”

“Simudzaonana naye, a Chikadza,” anatero mayiyo. “Iye wapereka umboni wake, mbali yake yathera pomwepo. Salankhulanso, safunsidwa mafunso, angodzalandira zimene ofesi yapeza. Mwatsala inu ndi ofesi. Ngakhale mutapempha kuti akumveni pamaso, mpando wake sudzakhalapo.”

Mayiyo ankanena ngati ndi nkhani yabwino, ati lamuloli limathandiza mwini patenti kuti mdani asamamukokere uku ndi uku mpaka kalekale. Alamu anatembenukira kwa ine maso ali psuu.

“Alamu, mwamva? Mlandu wopanda mwini wake! Kwathu wodandaula amakhala apo, wodandaulidwa apa, mumayang'anana m'maso mpaka wabodza agwetse nkhope. Uwu ndi mlandu kapena ufiti?”

Kunena zoona nanenso zinandinyansa. Munthu akulase, kenaka lamulo limufunde bulangete?

Kenaka loya anationetsa umboniwo. Abale inu, anali kanema uja wa kutchalitchi. Ndinadziona ndekha ndi diresi yanga yofiira, ndikunyamuka ndi kukhala ngati wopusa. Koma kanemayu anali ndi china chimene wa a Chilekwa analibe. M'munsi mwake munkayenda mawu a Chizungu, omasulira chilichonse chimene alamu ankanena, waya ndi waya. Loya anati wopemphayo anamupeza patsamba lina la pa intaneti lopanda dzina la munthu, longotchedwa dzina la mbalame ina ya kuno, ndipo anaikidwapo chaka chomwe chija cha 2017. Anafotokozanso kuti munthu ukaonetsa chinthu chako poyera, lamulo limakupatsa chaka chimodzi chokha kuti upemphe patenti. Alamu anali atapitirira chakacho kutalitali.

Za chaka alamu sanazimve n'komwe. Maso awo anali pa mawu a Chizungu aja.

“Mzungu wa ku ofesi ya mapatenti ku Canberra Chichewa cha ku Dedza wachimvera kuti?” anatero motsitsa mawu. “Amene analemba mawu awa amadya nafe. Mfiti sichokera kutali.”

Kuyambira tsiku limenelo mtendere unatithera tonse. Nthawi imeneyo tinkapemphera titavala mamasiki, ndipo ntchito yothira anthu mankhwala m'manja pakhomo la holo inali ya alamu, monga mkulu wa mpingo. Munthu ankatambasula manja, iwo akumuyang'anitsitsa m'maso, poti maso ndi okhawo ankaoneka. Wophethira msanga, ameneyo walowa m'kaundula wa m'mutu mwawo. Woyang'ana kumbali, ndiye basi wagwidwa. Mayi abusa anawaganizira chifukwa anaphunzitsapo Chingerezi ku Zomba. Mnyamata wina wa ku yunivesite anamuganizira chifukwa choti amavala magalasi. Anthu anayamba kumabwera ndi mankhwala awoawo m'zikwama kuti asadzere pakhomopo.

Koma amene anamukhazika pamoto weniweni ndi mnzawo uja. Loweruka lina a Chilekwa anafika monga mwa chizolowezi, atanyamula mabanzi. Alamu anawaimitsa pakhonde.

“Foni inajambula ndi yanu. Kanema munamugulitsa kwa ndani?”

A Chilekwa anaseka kaye, akuyesa nthabwala. Ataona nkhope, kuseka kunauma.

“Ba Lamson, ine? Nikugulitseni ine? Awe mwandi. Si ndimwe munakamba kuti nijambule bwino waya uoneke?”

“Ndinati mujambule, sindinati mumasulire.”

“Chichewa chanu cha ku Dedza ine nimamvelako hafu chabe, ningamasulile bwanji?”

“Ndiye munali awiri.”

A Chilekwa anaika mabanzi pampando wa pakhonde, mwaulemu, n'kubwerera ku galimoto yawo. Munthu amene anawanyamula pabwalo la ndege tsiku lofika, amene anawaphunzitsa kuyendetsa m'misewu ya kuno! Sanabwerenso Loweruka lotsatira, ndipo tiyi wa Loweruka anathera pomwepo.

Wachiwiri uja, mukudziwa anali ndani? Ine! Ati ndinakhala pa wilitcheya nthawi yaitali, ndinaona zonse chapafupi, komanso ndili ndi mnzanga wachizungu amene mwamuna wake amagulitsa zipangizo za chipatala. Mwamunayo amagulitsa magolovesi, anthu inu! Nditamva ndinavula ulemu wonse.

“Alamu, ine ndinakhala pa chimpando chanucho ndi matako, osati ndi maso. Mukandinamizirenso kachiwiri, mbale zanga zonse zili m'nyumba muno ndizitenga lero lomwe.”

Achemwali ndi amene anatilekanitsa. Alamu sanapepese, anangoti nthawi idzanena.

Lamlungu la chithokozo litafikanso, alamu anaimirira kutsogolo pamalo omwe aja anaimikapo wilitcheya. Tinkayesa apereka umboni. Anatsitsa masiki mpaka pachibwano, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

“Boma lakana kundionetsa mdani wanga,” anatero. “Koma iye akundimva, ali muno. Amene anatenga mawu anga, olankhula pamaso pa Mulungu, n'kuwaika m'Chizungu kuti adani awamve, pakhomo panga asadzapondepo. Ndikadzafa asadzaone nkhope yanga. Ndalumbira, pali malemu bambo anga.”

Abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Tithokoze tsiku limenelo anali atabwera kuchokera ku Bentley, mbali ina ya mzinda uno, kumene ankakhala ndi anzake akuphunzira za mankhwala. Za mlanduwo ankangodziwa pamwambamwamba, poti bambo ake amati nkhani za akulu si za ana. Anakhala pafupi ndi ine. Lumbiro lili mkati ndinamva dzanja lake likundigwira pamkono, lozizira ngati lachoka mufiriji. Nditamucheukira, pamwamba pa masiki panali maso a munthu woti waona njoka m'nyumba. Mapemphero asanathe anatuluka, ati mutu ukumupweteka.

Ndinakumbukira ndili m'sitima, pobwerera. Chaka chija cha wilitcheya, mwanayu ali ku sekondale, anakhala masana angapo kukhitchini kwanga, timawaya tili m'makutu, akuimitsa kanthu pafoni n'kubwezanso, kuimitsa n'kubwezanso. Nthawi ndi nthawi ankandipatsa kamodzi n'kufunsa m'Chizungu chake chija, “Anti, apa adadi akuti chiyani?” Ndinkamuuza, manja ali m'mbale, osaganiza kanthu. Anati ndi za kusukulu. Mayo ine!

Mawa lake ndinapempha tchuthi n'kupita ku Bentley. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba yawo ya lendi, atakhala pa udzu wouma pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Sindinafunse n'komwe. Anangondiona n'kuyamba kulira.

Kenaka anandifotokozera kuti chaka chija aphunzitsi awo anawauza kuti aliyense akambe za munthu amene amamusirira. Anzake anasankha osewera mpira ndi oimba. Iye anasankha bambo ake. Anatenga kanema uja pafoni ya amayi ake, n'kumasulira mawu onse kuti anzake amve, n'kumuika pa intaneti kuti aphunzitsi amuone. Kalasi yonse inaomba m'manja. Anabwera kunyumba akufuna kuwaonetsa bambo ake patebulo, koma atangotsegula pakamwa, iwo anayamba zija za wailesi. Anatseka pakamwa, ndipo m'kupita kwa zaka tsamba lija analiiwala. Amene anadzalipeza, kaya ndi kampani, kaya ndi ndani, anangolitola ngati ndalama ya panjira.

“Khala chete, mwana iwe,” ndinamuuza. “Wopemphayo sadziwika, iwenso sudzadziwika. Lamulo lawo lomwelo likufunde nawe bulangete. Bwera kunyumba Lamlungu, udye, useke, basi.”

Anapukusa mutu. Anati sangaponde pakhomopo. Adadi alumbira, ndipo iye akudziwa kuti wolumbiriridwayo ndi iye, kaya iwo akudziwa kaya sakudziwa. Taonani zinthu! Ife obadwira kumudzi tinali okonzeka kulizembera lumbiro ngati chithaphwi, mwana wokulira ku Perth ndi amene analiopa.

Ndinawauza achemwali tili awiri m'galimoto. Anaimika galimoto pambali pa msewu n'kugwira kumutu. Tinagwirizana kuti tidikire kaye mlandu uthe, mwina patenti ipulumuka, mtima wa alamu n'kutsika. Miyezi inapita mwana osabwera. Lero ati mayeso, mawa ati kuchipatala kumene akuphunzirira ntchito awaletsa kuyendayenda chifukwa cha matenda. Alamu anayamba kununkhiza, koma monga mwa masiku onse ananunkhiza kolakwika.

“Pali mwamuna apa,” anandiuza tsiku lina, atandikhululukira pang'ono. “Mwana sangasiye nkhuku ya amayi ake chifukwa cha mayeso. Alamu, mukudziwapo kanthu inu. Maso anuwo.”

Ndinati maso anga ndi a sopo wa kuntchito. Koma ndinkawaona Lamlungu lililonse akuika mbale yachinayi patebulo, kenaka n'kuibweza m'kabati mwakachetechete. Zinkandipweteka, ndipo zinkandikwiyitsanso, chifukwa dzenjelo anakumba okha.

Ku ofesi kuja alamu anayankha kudzera mwa loya. Anaumirira kuti alembe zoti mpingo si poyera, ndi banja, ndipo zolankhula m'banja si zofalitsa. Loya anawachenjeza kuti mfundoyo ndi yofooka, komabe analemba. Yankho linabwera kumayambiriro kwa 2022, kutentha kuli pachimake. Linati chitseko cha holo chinali chotsegukira aliyense, palibe anauzidwa kuti asunge chinsinsi, ndipo kanemayo anali pa intaneti nthawi yaitali pempho lisanaperekedwe. Patenti inafafanizidwa. Kampani ya kum'mawa ija inasiya kuimba. Alamu anatsitsa galasi lija pakhoma n'kukaliika m'galaja chafufumimba, ndipo pakhomapo panatsala msomali wokha. Mdani wawo sanamuone, dzina lake sanalimve, mpaka lero.

Loweruka lotsatira, chakumadzulo dzuwa likadali lotentha, ine ndi achemwali tinali pakhonde tikusadzula masamba. Alamu anali pa kapinga ndi paipi, akuthirira timaluwa tawo tofota. Tinangoona Tithokoze akubwera wapansi kuchokera kokwerera basi. Anafika pa kabokosi ka makalata, pamene msewu wa boma umathera ndi kuyamba kapinga wa bambo ake, n'kuima pomwepo. Phazi lake silinakhudze udzu.

“Wabwera mlendo!” anatero alamu, chimwemwe akuchibisa m'mwano. “Nanga waimiranji pamenepo ngati wogulitsa inshuwalansi? Lowa.”

Mwanayo sanasunthe. Ine mpeni unandigwa m'manja.

Analankhula m'Chizungu, ndipo sanasiye kanthu. Anati kanema uja anamasulira ndi iye, anamuika pa intaneti ndi iye, inali ntchito ya kusukulu ya munthu amene amamusirira. Anati a Chilekwa alibe mlandu, anti alibe mlandu, mayi abusa alibe mlandu. Anati wabwera kudzanena zokhazo, ndipo abwerera pa basi yotsatira.

Paipi inapitiriza kuthira pamalo amodzi mpaka madzi anayamba kuyenderera kumsewu. Alamu anali chilili, nkhope ili gwa. Ndinkaona munthu akufunafuna woti amukayikire, wina aliyense, woti wamutuma mwanayu, koma panalibe. Achemwali anayamba kudzuka, ine ndinawagwira chitenje.

“Iweyo?” anatero potsiriza, m'Chichewa. “Mawu onse aja? Ndi za agogo ako zomwe?”

Mwanayo anagwedeza mutu.

“Unazimva bwanji iwe? Iwe Chichewa…”

Apa mpamene Tithokoze anayankha m'Chichewa. Chinali chopindikapindika, cholemera palilime, koma Chichewa ndithu, ndipo chinali choyamba kumva ine m'kamwa mwake chichokereni ali kamwana.

“Ndimamva zonse, adadi. Kuyambira kale. Zija munanena kutchalitchi ndinamvanso.”

Alamu anagwetsa nkhope. Munthu amene ankafuna mlandu woyang'anana m'maso, tsiku limene anaupeza analephera kuyang'ana. Kenaka anakweza paipi ija, n'kutunga madzi m'dzanja, n'kumwa osameza. Ndinkangomva kuti kwawo kwa alamu kholo likatemberera mwana silimangoti pepa, limayenera kuwatulutsa mawuwo ndi madzi, koma ndinali ndisanaonepo. Mkulu wa mpingo wathunthu, m'nthawi yoti kutsokomola kokha anthu amakuthawa, anayenda mpaka pa kabokosi ka makalata, masaya ali tuu, n'kulavula madziwo pansi patsogolo pa mapazi a mwana wake. Mzungu woyandikana nawo, amene ankatsuka boti lake, anasiya n'kumangoyang'ana.

“Atuluka,” anatero alamu. “Mawu aja atuluka. Bambo anga andimve kumene aliko. Nkhope yanga udzaiona, ndipo udzanditseka maso ndiwe.”

Tithokoze anayang'ana ponyowapo, kenaka anadumpha n'kuponda kapinga. Achemwali analira mokweza ngati pamaliro, ine ndinawakalipira kuti anthu ayesa kwagwa zovuta, koma nanenso misozi inali mbwembwembwe.

Kwa a Chilekwa alamu anapita okha mawa lake, atanyamula mabanzi. Anakhalako nthawi yaitali ndipo zimene anakambirana sanatiuze. A Chilekwa anayambanso kubwera, koma osati Loweruka lililonse, ndipo foni yawo sajambuliranso za mpingo. Ine kupepesa kwanga ndikudikirabe. Akuti mlamu sapepesedwa.

Musaganize kuti munthuyo anasintha. Mpaka lero akaona wilitcheya m'sitolo ya ku Joondalup amagwada n'kusuzumira kunsi kwake, kufuna kuona ngati muli waya wake, ndipo wogulitsa akawafunsa ngati akufuna thandizo amamuyang'ana ngati ndi iyeyo. Koma tsiku lija titalowa m'nyumba, asanakhale n'komwe pansi, anauza mwana wawo kuti awaikire kanema uja. Anali atamuonera kambirimbiri pofunafuna mdani. Ulendo uno anakoka mpando, anavala magalasi, n'kumawerenga mawu a m'munsi aja pang'onopang'ono, chala chili pagalasi. Atafika pamene ankanena za malemu bambo awo anati aimitse.

“Apa unalemba bwino,” anatero. “Bweza ndionenso.”